Subaru WRX STI ya 2011: momwe ntchito yowonjezera mphamvu ya injini ya EJ257 ikuyendera

Pomwe tayambira

Galimoto yomwe ili pa ntchitoyi ndi Subaru Impreza WRX STI ya 2011, ya injini ya EJ257. Masilinda ake ndi anayi ogona chopingasa, awiri kumanja awiri kumanzere, 2,457 cc, m'mimba mwa silinda 99.5 mm, pisitoni imayenda 79 mm, compression ya 8.2:1. Turbo, chopopera mpweya mu injini choyendetsedwa ndi utsi, ndi IHI VF48 yomwe inabwera nayo kuchokera ku fakitale, yopopa pafupifupi 1.0 bar. Pa mapepala a ku America injini imeneyi imatulutsa 305 hp ndi 393 Nm. Yayenda makilomita 96,000 ndipo sinatsegulidwepo.

Tikufuna 300 mpaka 310 hp pa matayala, zomwe ndi pafupifupi 370 hp pa injini penipeni, pa petulo wa 98 RON (muyezo wa octane, kutanthauza momwe petulo amapiririra osaphulika yekha), turbo ndi mapisitoni zikhale zomwezo. Malire tinaika awiri sipanala isanagwire bawuti iliyonse: boost (puresha ya mpweya womwe turbo imapopera mu injini) isapitirire 1.3 bar, ndipo torque (mphamvu yozungulitsa) isadutse 450 Nm pa matayala. Malire achiwiriwa ndi amene akulamulira ntchito yonse. Mapisitoni a injini imeneyi ndi a aluminiyamu yochita kusungunula n'kuthira m'chikombole, osati yosula, ndipo pomwe amafooka pamadziwika: kakhoma kopyapyala kolekanitsa ring'i yoyamba ndi yachiwiri. Kakhomako kamasweka m'njira ziwiri. Ina ndi knock, pamene petulo wotsalira m'mphepete mwa silinda waphulika yekha moto wa pulagi usanamufike, n'kumenya pisitoni ngati nyundo. Ina ndi kutentha. Ring'i ikatentha imafutukuka, nsonga zake ziwiri zikagundana imasowa kolowera, ndiye imapindika n'kuthyola kakhomako. Zonsezi zimakonda kuchitika pakati pa 3,000 ndi 4,500 rpm, pomwe puresha ya m'silinda imafika pachimake, osati kumtunda kwa ma rev komwe anthu amawerengera hp.

Kupima thanzi la injini

Palibe chomwe chinagulidwa injini isanapimidwe. Compression tinaipima injini ili yotentha, mapulagi onse anayi atachotsedwa, fyuzi ya pampu ya petulo itazulidwa, phazi lili pansi pa akisaleta, batire ili yodzaza. Zinatuluka motere: 148, 147, 149 ndi 145 psi. Chofunika apa n'chakuti masilinda asasiyane kwambiri, ndipo 4 psi si yodetsa nkhawa. Koma compression yokha imabisa zambiri, chifukwa pisitoni yong'aluka kakhoma imatha kuonetsabe nambala yooneka bwino. N'chifukwa chake tinatsatiza leak-down: pisitoni pamwamba penipeni mavalavu onse ali otseka, mpweya kuupopera pa bowo la pulagi, n'kuona wochuluka bwanji ukuthawa. Tinapeza 5%, 6%, 5% ndi 8%. Ya 8% ndi silinda 4, ndipo mpweya wake umamveka pa bowo lothirira oyilo, kusonyeza kuti ukudutsa m'maring'i osati m'mavalavu. Ikanafika 15% ntchito ikanaima pomwepo. Kakamera kolowetsa pa bowo la pulagi kanaonetsa makoma a silinda opanda mikwingwirima ndi mitu ya mapisitoni yopanda timabowo ta knock.

Silinda 4 tiziyitchula pafupipafupi. Ili kumbuyo kumanzere, komwe madzi oziziritsa amayenda mwaulesi, ndipo pa injini zamtunduwu ndi imene imayamba kudwala.

Pa dyno, makina oyezera mphamvu pa matayala, m'giya 4, galimoto inatulutsa 247 hp ndi 352 Nm pa matayala. Manambala amenewa ali ndi tanthauzo pa dyno yomweyi basi, m'giya yomweyi, matayala ali ndi mpweya womwewu. Kuyerekeza ndi zomwe wina wapeza pa dyno ina n'kutaya nthawi.

Log, kaundula wa manambala ochokera m'kompyuta ya injini ikamagwira ntchito, inaulula vuto loyamba. Kompyuta inali itaphunzira kuwonjezera petulo ndi 11% pa idle (injini ikungolira, galimoto itaima) ndi pa liwiro lochepa, chizindikiro chakuti mpweya ukulowa penapake osadutsa pa sensa ya MAF, yomwe imayeza mpweya wolowa mu injini. Tinapopera utsi kuchokera kumbuyo kwa MAF, ndipo unatulukira pansi pa manifold (mapaipi ogawa mpweya ku masilinda), pomwe paipi yolowetsa mpweya imagwira pakamwa pa turbo. Labala inali itafewa ndi oyilo ndi zaka, n'kung'ambika pafupifupi masentimita awiri mbali ya pansi yosaoneka ndi maso. Kenako tinatseka kuchokera potulukira turbo mpaka pa throttle (chitseko cha mpweya cholamulidwa ndi akisaleta), n'kupopa 1.4 bar, n'kuwaza madzi a sopo. Thovu linatuluka pa labala yolumikiza intercooler (choziziritsa mpweya wochokera mu turbo) ndi throttle.

Mabowo awiriwa amawononga mosiyana, ndipo ndi bwino kuwasiyanitsa. La kutsogolo kwa turbo limalowetsa mpweya womwe kompyuta sinauwerenge, choncho petulo amachepa. La kuseri kwa turbo limataya mpweya womwe wawerengedwa kale, choncho pa boost petulo amachuluka, ndipo turbo imazungulira mopitirira kuti ibwezere wotayikawo, mpweya n'kumatentha kwambiri. Akakhala onse awiri amaphimbirana, galimoto n'kumaoneka ngati ili bwinobwino. Kuchita tune (kusintha manambala a m'kompyuta ya injini) pa injini yotere ndi kulemba zolakwikazo m'kompyuta mpaka kalekale. Titasintha zonse ziwiri, 11% ija inatsika kufika pa 2%. Popeza manifold inali itakwezedwa kale, sensa ya knock tinaimasula, kupukuta pomwe imakhala, n'kuimanganso pa 24 Nm. Ikamangidwa mopitirira kapena mosakwana imamva molakwika.

Oyilo ndi madzi

Mabering'i a makonirodi ndi achiwiri kufa pa injini yowonjezeredwa mphamvu, ndipo chimawapha ndi kusowa oyilo kwa kamphindi kochepa. Tinakweza injini pang'ono, kutsitsa sampu, n'kuyang'ana paipi yoyamwa oyilo. Paipi imeneyi imadziwika kuti imatha kung'aluka pomwe inawotcheredwa, pampu n'kuyamba kuyamwa mpweya. Ya galimoto ino inali yabwino, komabe taikamo yokhuthala, pamodzi ndi chitsulo chotchinga oyilo kuti asathawire m'mahedi pokhota mwamphamvu. Injini yogona chopingasa vuto limeneli ili nalo kuposa yoimirira. Mabawuti a sampu ndi 5 Nm basi, ndipo silikoni azipakidwa wochepa, chifukwa wofinyikira mkati amanyenyeka n'kukatseka sefa ya paipi yomwe mwangoikayo.

M'mabawuti obowoka omwe amadutsitsa oyilo muli timasefa ting'onoting'ono. Tikatsekeka ndi zinyalala, chomwe chili kutsogolo kwake chimauma. Tinatiyang'ana tonse n'kutitsuka. Tinaikanso chopatula oyilo ku mpweya wochokera m'kati mwa injini, chifukwa mkati mwa intercooler munali monyowa ndi oyilo. Nthunzi ya oyilo ikalowa m'silinda imatsitsa octane, ndiye kuti petulo wa 98 mwamulipira koma injini ikuwotcha wochepera apo.

Nyali ya oyilo ya pa dashibodi imayaka puresha itatsika kale pansi pa 0.2 bar, nthawi yomwe mabering'i apita. Taika geji yeniyeni ya puresha ndi ina ya kutentha kwa oyilo. Oyilo tachoka pa 5W-30 kupita pa 5W-40 wa synthetic. Lamba wa timing, mapule ake, pampu ya madzi ndi thermostat zonse n'zatsopano, rediyeta yaikidwa ya aluminiyamu yokhayokha, ndipo tawonjezera kapaipi kotulutsa madzi kumbuyo kwa hedi ya kumanzere kuti pa silinda 4 madzi aziyenda.

Petulo: masamu ake

Apa m'pofunika kuwerengera, osati kuganizira. Injini ya turbo yomwe ikumwa petulo wokwanira kuti izizizira imafuna pafupifupi magalamu 270 pa hp iliyonse pa ola. Pa 370 hp ndiye kuti makilogalamu pafupifupi 100 pa ola. Lita imodzi ya petulo imalemera pafupifupi 0.745 kg, choncho ndi malita 135 pa ola, kapena 2,250 cc pa mphindi. Kugawa kwa masilinda anayi, injekita iliyonse iyenera kutulutsa 560 cc ndi kanthu pa mphindi. Mainjekita a fakitale ndi a 565 cc. Kunena kwina, akanakhala otsegula osatsekanso, popanda potsalira ngakhale pang'ono. Tsiku lozizira, mpweya ukalemera, petulo akanaperewera nthawi yomwe akufunika kwambiri. Malire abwino ndi kuti injekita izikhala yotsegula osapitirira 85% ya nthawi.

Taikamo a 1,050 cc. Ena aona ngati n'kupitirira, koma kukula kwa injekita sikuvuta masiku ano. Chovuta ndi kugula injekita yopanda manambala ake. Injekita iliyonse imachedwa kutsegula kwa kanthawi kochepera kapena kopitirira pang'ono milisekondi imodzi, ndipo kanthawi kameneka kamasintha ndi mphamvu ya batire komanso puresha ya petulo. Pa idle injekita yaikulu imatsegula kanthawi kochepa kwambiri, moti kulakwitsa pang'ono pa kuchedwaku kumasokoneza petulo ndi maperesenti ambiri. Zizindikiro zake: injini imanjenjemera pa idle, ndipo mukayatsa nyali kapena fani petulo amasintha. Gulani okhawo omwe wopanga wapereka tebulo la manambalawa.

Pampu ya m'thanki tasintha n'kuika ya malita 265 pa ola. Nambala imeneyo musaikhulupirire yonse, chifukwa imapimidwa pa puresha yotsika. Pa injini ino puresha ya petulo imayambira pa 3.0 bar kapaipi ka vacuum katazulidwa, ndipo imakwera limodzi ndi boost, bar pa bar. Pa boost ya 1.3 bar pampu iyenera kukankha 4.3 bar, ndipo pamenepo imatulutsa zochepa kuposa zolembedwa pa bokosi. Taika sensa ya puresha ya petulo yomwe ikulowa mu log. Lamulo lake n'losavuta: puresha ya petulo kuchotsera boost izikhala 3.0 bar nthawi zonse. Ikamatsika ma rev akamakwera, pampu, sefa kapena mawaya zikulephera. Kapaipi ka vacuum kopita ku regulator takamanga ndi zomangira mbali zonse ziwiri. Kakavuka pa boost, puresha imaima pa 3.0 bar, petulo n'kuchepa nthawi yomweyo, ndipo pisitoni sichedwa kupsa.

Sensa ya fakitale yoyeza kuchuluka kwa petulo mu utsi ili kutsogolo kwa turbo, komwe puresha ya utsi imaisokoneza, ndipo pa boost siwerenga molondola. Taika sensa ina yowerenga molondola, wideband ya Bosch LSU 4.9, pa downpipe (paipi ya utsi yochokera pa turbo), kuseri kwa turbo koma kutsogolo kwa cat (chosefa utsi woipa), yopendeka madigiri osachepera 10 kuloza m'mwamba kuti madzi a mu ekizozi asakhale pamutu pake m'mawa.

Mapulagi tatsika sitepe imodzi kupita kozizira, kuchoka pa 6 kupita pa 7 pa manambala a NGK, mpata wa 0.7 mm, omangidwa pa 21 Nm. Boost ikakwera moto umavutika kudumpha mpata waukulu, injini n'kumadukiza pomwe ikukoka kwambiri.

Ekizozi ndi wastegate

Downpipe yaikidwa ya 76 mm yokhala ndi cat yodutsitsa utsi wambiri. Cat sitinaichotse. Malamulo a mayiko ambiri saloleza kuichotsa pa galimoto ya pa msewu, ndipo pa turbo yaing'ono ngati iyi phindu la kuichotsa ndi lochepa poyerekeza ndi mavuto omwe kumabweretsa. Galimoto sinayendetsedwe pa boost kuchokera pomwe downpipe inaikidwa mpaka tune itayamba.

Vuto lomwe limayembekezereka linabweradi. Solenoid ya boost, kavalavu ka magetsi komwe kompyuta imalamulira nako boost, tasintha n'kuika ya mabowo atatu, ndipo mayeso oyamba anali a solenoid ili pa 0%, kutanthauza kuti wastegate, kachitseko kolambalalitsa utsi kuti turbo isathamange mopitirira, ikutsegula ndi sipuling'i yake yokha. Pa 3,500 rpm boost inali 0.6 bar, zomwe n'zoyenera. Koma inapitiriza kukwera yokha mpaka 1.1 bar pa 6,500 rpm, wastegate ili yotsegula kotheratu. Chifukwa chake n'ichi: utsi umasankha njira yophweka. Kuseri kwa turbine (mapiko a turbo ozungulitsidwa ndi utsi) kukatseguka ndi downpipe yaikulu, njira yodutsa mu turbine imaphweka, pomwe bowo la wastegate lidakali laling'ono lomwe lija ndipo utsi uyenera kukhota kuti ulipeze. Wambiri umadutsa mu turbine, turbo n'kumathamanga popanda woiletsa. Kompyuta ilibe chochita apa, chifukwa imatha kutseka wastegate koma siingaitsegule kuposa pomwe yafika. Popeza tikufuna 1.05 bar pa 6,500 rpm, boost yosalamulirika ya 1.1 bar sitikanailola.

Tinachotsa chigoba cha turbine n'kukuza bowolo ndi galainda yaing'ono, kusiya mlomo wa pafupifupi 2 mm kuzungulira kuti chotsekera chizikhalabe bwino. Phindu lalikulu silili pa kukula kwa bowo koma pa kusalaza ngodya ya mkati, mbali yomwe utsi umachokera. Chigobacho chinatsukidwa mpaka kachitsulo komaliza, chifukwa kotsala kalikonse kakadutsa m'mapiko a turbine. Titabwezera, boost ya pa 0% inaima pa 0.8 bar kumapeto kwa ma rev.

Valavu yotulutsa mpweya posintha giya tasiya ya fakitale, yobwezera mpweya kutsogolo kwa turbo. Zija zolira zotayira panja sizigwirizana ndi injini ya MAF: mpweya wawerengedwa kale, petulo wake wathiridwa, kenako mpweyawo watayidwa. Bokosi la fyuluta nalonso ndi la fakitale, chifukwa pa mphamvu imeneyi silikutsekereza kanthu, ndipo kusintha kukula kwa paipi yomwe MAF imakhalamo kumasokoneza kawerengedwe konse.

Kutentha kwa mpweya

Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo manambala ake ndi aakulu kuposa momwe ambiri amaganizira. Mpweya wa 25°C ukapopedwa kufika pa 1.0 bar ndi turbo yogwira bwino umatuluka pafupifupi 115°C. Pa 1.3 bar umafika pafupifupi 140°C. Mukaikakamiza turbo yaing'ono kugwira 1.4 bar kumtunda kwa ma rev, komwe yatopa kale, mumadutsa 160°C, ndipo mpweya wowonjezera womwe mwapeza ndi wochepa. Ichi ndicho chifukwa boost yathu ikutsika ma rev akamakwera.

Sensa ya fakitale ya kutentha kwa mpweya ili mu MAF, kutsogolo kwa turbo, choncho kompyuta sidziwa kuti mpweya wolowa m'silinda watentha bwanji. Tinabowola n'kuika ina kuseri kwa intercooler. Kunja kuli 24°C, intercooler ya fakitale inapereka 42°C kumapeto kwa kukoka koyamba, ndipo titakoka motsatizana popanda kupumitsa inafika 61°C. Galimoto itaima ili yoyaka kwa mphindi 10, mpweya unali kale pa 55°C isananyamuke n'komwe, chifukwa intercooler imakhala pamwamba pa injini ndi turbo n'kumamwa kutentha kwake. Ngozi yeniyeni ili pamenepa: kuima nthawi yaitali kenako kuponda mpaka pansi.

Taika intercooler yaikulupo pamalo omwewo. Chomwe ambiri amaiwala ndi chotsogolera mpweya cha pansi pa boneti. Chikapanda kugwirana ndi intercooler yatsopano mbali zonse, mphepo imadutsa m'mbali, yaikuluyo n'kugwira ntchito moperewera kuposa yaing'ono ija. Titatseka mipata ndi labala yosamva kutentha, tinapeza 36°C pa kukoka koyamba ndi 44°C pa motsatizana. Turbo yaikidwanso chophimba kutentha. Intercooler yoika kutsogolo kwa rediyeta tinaikana pakali pano: mapaipi ataliatali, rediyeta kutchingidwa, ndiponso nthawi zambiri chitsulo cha bampala chimadulidwa, zonsezi chifukwa cha turbo yomwe sikuzifuna.

Tune

Dongosolo lake silisintha. Choyamba manambala a mainjekita, kenako idle ndi kuyenda wamba mpaka kompyuta izikonza petulo osapitirira 5% mbali iliyonse. Kenako kukoka pa sipuling'i ya wastegate yokha, timing (madigiri omwe pulagi imayatsira moto pisitoni isanafike pamwamba) itachepetsedwa, mpaka wideband igwirizane ndi zomwe tebulo likufuna. Pokhapo m'pomwe boost imayamba kukwezedwa, 0.1 bar nthawi imodzi, log kuwerengedwa musanakwezenso.

Mu pulogalamu ya fakitale muli kanthawi komwe kompyuta imagwirabe 14.7:1 (magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo) ngakhale mwaponda, isanayambe kuwonjezera petulo. Pa boost ya fakitale injini imapirira. Pa boost yokwezedwa kanthawi kameneko kamakumana ndi nthawi yomwe turbo yadzuka kale. Takachotsa. Pa boost yonse tikugwira 11.2:1 turbo ikamadzuka ndi 11.0:1 kuchokera pa torque yaikulu mpaka 6,700 rpm, ndiye kuti lambda (manambalawa atagawidwa ndi 14.7) ya 0.75 mpaka 0.76. Petulo wopitirira uyu sakuwotchedwa kuti apereke mphamvu, ntchito yake n'kuziziritsa. Pa 11.8:1 dyno ikanaonetsa ma hp angapo owonjezera, koma mutu wa pisitoni ndi ring'i yoyamba zikanalipira.

VF48 imadzuka msanga. Itasiyidwa, imafika 1.3 bar pafupi ndi 3,000 rpm, ndipo galimoto imakoma kwambiri kuyendetsa. Ife taichedwetsa dala: 0.9 bar pa 3,000 rpm, 1.3 bar kuyambira 3,800 mpaka 4,500, kenako kutsika pang'onopang'ono kufika 1.05 bar pa 6,500. Pa ma rev otsika pisitoni imayenda pang'onopang'ono, petulo wa m'mphepete amakhala nthawi yaitali pa puresha ndi kutentha, ndipo knock imapeza mpata. Oyilo wa m'mabering'i nayenso amakhala wopyapyala pomwepo. M'giya 5 ndi 6 boost ya pansi pa 3,500 rpm taichepetsanso, chifukwa injini imakhalitsa pamalo oopsawo woyendetsa akaponda osatsitsa giya. Mwa njira imeneyi tataya pafupifupi 35 Nm ya pakati, ndipo tailola kupita.

Timing tinaifufuza ndi makutu komanso ndi dyno. Mahedifoni olumikizidwa ku sensa ina yomangidwa pa buloko amamva knock yomwe kompyuta nthawi zina siimva, kaphokoso kakuthwa kosiyana ndi kugogoda kwa mavalavu. Pa 4,000 rpm, kuchoka pa madigiri 10 kupita pa 11 kunawonjezera 4 Nm yokha. Pa 12, injini itatentha bwino, kompyuta inachotsa madigiri 1.4 ndipo m'mahedifoni munamveka. Digiri imodzi ikamapereka zochepa chonchi, palibe chifukwa chokhalira pafupi ndi malire. Tabwerera pa 10, n'kumakwera mpaka 18 pa 6,500 rpm. Silinda 4 taichotsera digiri ina imodzi payokha.

Zotsatira pa dyno yomwe ija, m'giya 4: 304 hp ndi 446 Nm pa matayala. Mainjekita akufika 58%, puresha ya petulo ikugwira 3.0 bar pamwamba pa boost mpaka kumapeto, utsi wa kutsogolo kwa turbo sunadutse 860°C, ndipo DAM, nambala yomwe kompyuta imatsitsa ikamamva knock, ili pa 1.0 osasuntha.

Zotetezera taika zingapo. Boost ikafika 1.45 bar kompyuta imadula petulo. Mpweya wa kuseri kwa intercooler ukadutsa 50°C, digiri imodzi ya timing imachoka pa madigiri 5 aliwonse a kutentha. Madzi akadutsa 102°C kapena DAM ikatsika, boost imagwera pa sipuling'i. Palinso mapu achiwiri a petulo wa 95 RON, a 1.05 bar ndi timing yochepa, oti asankhidwe petuloyo asanathiridwe, osati pambuyo pake.

Knock yomwe sinali knock

Pa msewu log inayamba kuonetsa kompyuta ikuchotsa madigiri 1.4, nthawi zina 2.8, pafupi ndi 2,800 rpm, phazi lili pang'ono, popanda boost, makamaka mukangosintha giya. Poyesa tinachotsa madigiri atatu pamalo amenewo, koma sizinasinthe. Knock yeniyeni imamvera timing: mukaichepetsa imatha, ndipo imabwera pa rpm ndi katundu yemweyo nthawi zonse, makamaka injini ikatentha. Iyi imabwera mwachisawawa. Pansi pa galimoto tinapeza chitsulo chotchinga kutentha cha pa ekizozi chitang'ambika pa bawuti n'kumagunda paipi, pooneka mzere wonyezimira pomwe chimakhuza. Titachimanga, log inayera, madigiri atatu aja n'kubwezedwa. Chomwe sitichita ndi kuchepetsa kumva kwa sensa ya knock kuti log ioneke bwino. Kutero n'kuchotsa chinthu chokhacho chomwe chingapulumutse injini tsiku lomwe petulo wabwera woipa.

Kilatchi ndi mabuleki

Kilatchi ya makilomita 96,000 inayamba kuterera m'giya 5 pa 3,800 rpm, ma rev kukwera liwiro osakwera. Taika ya mbale yathunthu ya organic yokhala ndi puresha puleti yolimbirapo, yopirira kuposa 550 Nm, fulaiwilo itapalidwa. Za timapazi tachitsulo zimagwira mwadzidzidzi n'kuzunza giyabokosi ndi ma diff popanda chifukwa pa torque imeneyi. Makalipa a Brembo ndi okwanira. Tasintha mapadi n'kuika opirira kutentha, ndi mafuta a mabuleki a DOT 4 owira pamwamba pa 300°C, poti muyezo wa DOT 4 umangofuna 230°C. Matayala onse anayi ndi atsopano, a mtundu umodzi, chifukwa galimoto yokoka ndi mawilo onse sifuna matayala osiyana kukula.

Zotsala

Oyilo akugwira 100 mpaka 108°C pa msewu. Pa bwalo la mpikisano sitinayesebe, ndipo ndi kumeneko komwe kudzadziwike ngati choziziritsa oyilo chikufunika. Akadutsa 120°C chiikidwa, chokhala ndi thermostat yake kuti oyilo asamazizire mopitirira pa msewu. Geji ya puresha idzayang'anidwa kwambiri pa makona aatali, komwe chotchinga cha m'sampu chidzaonetse ngati chikukwanira. Oyilo azisinthidwa pa makilomita 5,000 aliwonse, ndipo woyamba kutuluka atumizidwa ku labotale kuti aone mkuwa, mtovu ndi petulo wolowerera. Pa nthawi yomweyo leak-down ibwerezedwa. Silinda 4 ikachoka pa 8% n'kudutsa 12%, boost ibwerera pa 1.05 bar ndipo injini itsegulidwa kuti ilandire mapisitoni osula, makonirodi olimba ndi mpata wa maring'i wokulirapo. Turbo yaikulu idikira mpaka zimenezo zitachitika.